Sankagwa, Koma Anali Matenda Akugwa

Inu owerenga, ine ndinamenya mwana wanga kwa zaka zitatu chifukwa cha matenda amene ndinkawayesa mwano. Ndayamba ndi mawu amenewa dala kuti ndisapeze pobisala. Lero mwanayo ali bwino ndipo ndikagwada kupemphera, mawu oyamba amakhala othokoza. Koma thandizo linafikapo pakhomo panga kale, ine n'kulibweza ndi pakamwa pangapa.

Ndimakhala m'dera la Kabudula. Ine ndi amuna anga, a Phiri, timalima chimanga, mtedza ndi fodya pang'ono. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, choncho mundikhululukire ndikapanda kulongosola bwino zachipatala. Ana tili nawo anayi, ndipo amene ndikunenayu ndi wachiwiri, mtsikana. Ndimutchule kuti Tadala.

Ali ndi zaka zinayi, Tadala anadwala malungo aakulu, aja ofika kumutu. Anagona m'chipatala masiku awiri osadziwa kanthu. Tsiku lachitatu anatsegula maso n'kupempha madzi. Ndinayamika Mulungu mpaka mawu kusasa, ndipo Lamulungu lotsatira ndinaima kutchalitchi kuchitira umboni. Kwa ine nkhani ya malungo inathera pamenepo.

Atafika zaka zisanu ndi zitatu anayamba khalidwe lachilendo. Ukamulankhula, mwina uli pakati pomutuma, ankangoti duu, maso ali gwa pamalo amodzi. Ankatafuna m'kamwa mopanda kanthu, dzanja likugwiragwira diresi ngati akufuna chinachake. Ndinkamuitana kamodzi, kawiri, katatu, osayankha. Pakapita kanthawi ankadzidzimuka n'kufunsa kuti ndati chiyani. Ndiyeno ankadandaula kutopa, n'kukagona masana dzuwa likuswa mtengo.

Kodi inu mukanati n'chiyani? Ine ndinati ndi mwano ndi ulesi. Kutafuna kuja ndinkaona ngati akundinyogodola. Ndinakulira pakhomo poti mwana akaitanidwa amavomera kamodzi n'kubwera kudzagwada, choncho dzanja langa silinkachedwa. Mbama, nthawi zina kamtengo. Kusukulu nakonso aphunzitsi anandiitanitsa, akuti mwanayu amalota ali maso, salemba zapabolodi mpaka kumapeto, mukope mwake ziganizo zimathera panjira. Ndinkabwerako ndili ndi manyazi n'kukawathetsera pa iye.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'mudzi mwathu munabwera anthu a kafukufuku wa zaumoyo. Ankayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi alangizi athu a zaumoyo, kufufuza za matenda a ubongo mwa ana. Pakhomo panga panafika namwino wina wamfupi wovala magalasi. Ndinamupatsa mphasa, tinalonjerana bwinobwino. Kenako anafunsa kuti, “Kodi mayi, pakhomo pano alipo mwana amene amadwala matenda akugwa?”

Inu owerenga, mawu amenewo anandilasa. Matenda akugwa ndinkawadziwa. Msuweni wanga wina anali nawo tili ana. Ankagwa pansi mwadzidzidzi, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa. Anali ndi mbale yakeyake ndi chikho chakechake. Akagwa tinkathawa, chifukwa ankatiuza kuti akaphwisa uli pafupi nawenso utengera. Anamwalira asanakwatire. Kwa ine matenda akugwa anali amenewo basi: munthu agwe. Tadala anali asanagwepo n'kamodzi komwe. Ankaima chiimire kapena kukhala chikhalire.

Ndinayankha mwaukali kuti pakhomo pano zimenezo kulibe, Mulungu atitchinjirize. Namwinoyo anati ali ndi mafunso ena angapo, koma ine ndinanyamula khasu n'kunena kuti ndikuchedwa kudimba. Anapinda mapepala ake, n'kutsanzika mwaulemu. Nthawi yonseyo Tadala anali kuseri kwa nyumba, akutsuka mbale.

Sindinaname. Izi n'zimene zimandipweteka kwambiri. Ndinayankha zoona monga mwa mawuwo, koma ndinatseka khomo mafunso asanathe.

Panapita zaka ziwiri. Tadala anabwereza Sitandade 4, kenako anabwerezanso. Anzake anamusiya. Anayamba kumangokhala ndwii, osaseka, osasewera fulaye ndi atsikana anzake. Akandiona ndikubwera ankadzikhwinyata ngati kamwana ka nkhuku. A Phiri anatopa nazo ndipo anagamula kuti teremu ikatha asiye sukulu, apite kwa alongo awo ku Msundwe azikalera khanda. Anati mutu wa sukulu alibe, bola aphunzire ntchito zapakhomo. Ine sindinatsutse. Kunena zoona ndinkaona ngati ndipumako.

Zinasintha nyengo yothyola fodya. Tsiku lina Loweruka m'mawa tinakhala m'chigafa tikusoka fodya, ine, a Phiri ndi Tadala. Singano yathu yosokera ndi yaitali, yosula kuchokera ku sipoko ya njinga. Ndinamuuza Tadala kuti andipatsire masamba. Zii. Ndinabwereza. Zii. Ndinatembenuka dzanja lili kale m'mwamba, ndipo ndi pamene ndinaona magazi akudontha pamasamba. Singano inali italowa m'chikhato chake, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Iye maso ali gwa, akutafuna, nkhope yosasonyeza ululu ngakhale pang'ono.

Dzanja langa linatsika lokha. Mwano wanji woti munthu n'kupirira singano m'thupi? Ndinagwada patsogolo pake n'kumuyang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti mwana wanga mulibemo. Atabwerera m'pamene anakuwa ndi ululu. Choyamba chimene anachita atandiona pafupi ndi kutchinga nkhope ndi dzanja labwinolo.

Tinathamangira naye kuchipatala panjinga. Adokotala atatsuka bala n'kumubaya jakisoni, anafunsa kuti zinachitika bwanji kuti singano ilowe chonchi mwana osaichotsa. Ndinafotokoza zonse, kuyambira kutafuna kuja mpaka tulo ta masana. Anasiya kulemba. Anafunsa ngati anadwalapo kwambiri ali wamng'ono, ndipo ndinatchula malungo aja. Anandiuza kuti ndibwere naye tsiku limene kumabwera a kafukufuku oona za ubongo wa ana.

Tsikulo nditalowa m'chipinda ndinafuna kubwerera pakhomo. Pampando panali namwino wa magalasi uja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo n'kumwetulira.

“Si inu mayi munali pachangu cha kudimba? Nanga ndiwo zake zinakula?”

Ndinasowa poyang'ana. Ndinayamba kupepesa koma anandidula. Anati vuto silinali langa ndekha, funso lawonso linali lopotoka. Atayenda m'midzi anazindikira kuti akati “akugwa” anthu amangoganiza za wogwa pansi, ndipo ena amachita mantha ndi dzinalo. Choncho anasintha kafunsidwe. Tsopano ankafunsa ngati mwana amasokonezeka mwadzidzidzi, ngati amayang'ana pamodzimodzi osayankha, ngati amaiwala zimene zangochitika. Anandifunsa mafunso omwewo ndipo lililonse ndinkangoti eya, eya, misozi ikutsika.

Anatipempha kuti Tadala akapimidwe mutu ndi makina kuchipatala chachikulu mu tauni, komanso ngati tingalole kuti zotsatira zake zithandize pa kafukufuku wawo. Anatiwerengera pepala lonse m'Chichewa. Anati tili ndi ufulu wokana, ndipo ngakhale tikane mankhwala alandirabe. Ndinati ndikaonane kaye ndi bambo ake.

Kunyumba a Phiri anavuta. Anandifunsa kuti, “Nabanda, mawaya m'mutu mwa mwana? Akakam'popa nzeru zotsalazo mudzati chiyani?” Ndinawayankha kuti, “A Phiri, si inu nomwe mumati nzeru alibe? Ndiye akapopamo chiyani?” Anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku la ulendo anali oyamba kuvala jekete.

Namwino uja anatiuziratu kuti timumasule tsitsi, tilichape, tisadzoze mafuta. Kumeneko anamumata timabatani tachitsulo m'mutu monse, kalikonse kali ndi waya wake wopita ku kompyuta. A Phiri anaima pafupi manja ali kumbuyo ngati mlonda. Wopimayo anawatsimikizira kuti makinawo salowetsa kanthu ndipo satulutsa kanthu, ntchito yake ndi kungomvetsera zimene ubongo ukuchita. Tadala anauzidwa kutsinzina, kutsegula maso, kupuma mwamphamvu. Sanamve kuwawa kulikonse. Anangodandaula kuti zomatirazo zikuyabwa.

Pambuyo pake adokotala anatiitana n'kutionetsa mizere yambirimbiri yoyenda ngati mizere ya m'munda. Penapake mizereyo inali yosongoka, yodumphadumpha. Anafotokoza kuti ubongo umalamula thupi lonse potumiza mauthenga kudzera m'mitsempha, ndipo mauthengawo amayenda ngati timagetsi tating'onoting'ono. Mwa Tadala muli kamalo kamodzi pamene timagetsito nthawi zina timabalalika. Anati n'kutheka kuti malungo aja anasiyapo kachipsera. Chisokonezocho chikafalikira ubongo wonse, munthu amagwa n'kumagwedezeka. Chikakhala pamalo amodzi, munthu akhoza osagwa, koma amakhala ngati foni imene yataya netiweki: ili choyaka, koma ngakhale ukuwe bwanji mawu sakufika. Anati onsewo ndi matenda a khunyu, kungoti alipo a mitundumitundu. Sapatsirana, kaya ndi mbale, kaya ndi mpweya. Ndinakumbukira msuweni wanga uja ndi mbale yake, mtima unandiwawa kawiri.

Ndinafunsa ngati amamva ndikamamuitana nthawi imeneyo. Adokotala anapukusa mutu. Anati samva, ndipo akabwerera sakumbukira chilichonse.

Anatipatsa mapiritsi akumwa m'mawa ndi madzulo, n'kutichenjeza kuti tisadzasiye tokha ngakhale aoneke kuti wachira. Sizinathe tsiku limodzi ayi. Masabata oyamba ankangosinza ndipo a Phiri anayambanso kung'ung'udza. Tinabwerera, anasintha mlingo. Pang'onopang'ono kusokonezeka kuja kunayamba kutalikirana. Kumene kunkabwera kangapo pasabata, tsopano miyezi imatha osakuona. Anatilangizanso kuti asamakhale yekha pamoto kapena pachitsime.

Nkhani ya ku Msundwe inafera m'mazira. A Phiri eni ake ndi amene anapita kusukulu kukafotokozera aphunzitsi, atanyamula kabuku ka kuchipatala. Tadala anakhoza Sitandade 4 chaka chomwecho. Panopa ali mu Sitandade 7, wamkulu kuposa anzake m'kalasi, koma zimenezo sizimudetsa nkhawa. Masamu amawakonda moti mchimwene wake wamkulu amabisa kope lake kuopa kukonzedwa ndi mlongo wake.

Chinthu chimodzi ndinkachizengereza. Tsiku lina masana tikusenda mtedza pakhonde, awiriwiri, ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati amakumbukira masiku aja. Anapitiriza kusenda, osandiyang'ana.

“Amayi, ine ndinkangozindikira tsaya likuwotcha, inu mukukalipa. Sindinkadziwa chimene ndalakwa. Ndinkaganiza kuti mwa ana anu onse, ine ndi amene simunandifune.”

Inu owerenga, kwathu kuno si kawirikawiri mayi kupepesa kwa mwana wake. Ine ndinapepesa. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti ndinalakwa, osati iye. Analira, ndinalira. Kenako anapukuta misozi ndi chitenje changa n'kunena kuti, “Basi amayi, mtedzawu unyowa, ogula adzati tathira madzi kuti ulemere.”

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mwana wa mtima wotere. Ndikuthokozanso anthu amene amatha masiku awo kufufuza mmene ubongo wa munthu umagwirira ntchito. Ambiri sindidzawaona, koma nzeru zawo zinafika m'chigafa changa. Sanakwiye nditawabweza, ndipo sanachite manyazi kukonza funso lawo.

Tsopano ndikupempheni, makamaka amayi anzanga. Dzina la matenda lisakunamizeni ngati linandinamizira ine. Anthu a zaumoyo akabwera pakhomo panu, dimba silithawa, amvereni mpaka funso lomaliza. Musangoyankha kuti eya kapena ayi, afotokozereni zimene mumaona ndi maso anu, ngakhale zooneka ngati zopanda pake. Ngati mwana wanu anadwalapo malungo aakulu, pitirizani kumuyang'anitsitsa ngakhale patapita zaka. Pempherani, inde, ine ndimapemphera tsiku lililonse, koma mukati ameni nyamukani mupite naye kuchipatala.

Zaka ziwiri za sukulu Tadala akuzibweza yekha ndi khama lake. Zaka zitatu zimene anakhala akuganiza kuti mayi ake samufuna, zimenezo palibe angamubwezere. Choncho mwana mukamuitana katatu osayankha, musanatukule dzanja, pitani mukagwade patsogolo pake, mumuyang'ane m'maso muone ngati alimo.