Tumbawe mu Mtsuko wa Amayi

Fungo la mchere wonyowa limandibwezera ku Lupembe, m'chisanu cha chaka chimene amalume anga, amene kwathu timati asibweni, anabwera akudwala kuchokera ku Tanga, kugombe la nyanja ya mchere. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwera unkaomba tsiku lonse, miyendo yathu ili mbuu, ndipo iwo ankakhala pakhonde atafunda bulangete, m'mawa thupi likutentha, madzulo likunjenjemera.

M'sutikesi mwawo munali kanthu koyera, ka nthambinthambi, kokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Ankati ndi tumbawe. Anandiuza kuti si mwala ayi, koma chamoyo cha m'nyanja ya mchere, ndipo ikakhala bwino imaoneka yofiirira. "Madzi akatentha kwambiri imayera, akazizira kwambiri imayeranso," anatero. "Koma akabwerera mwakale msanga, mtundu wake umabwerera."

Mawu amenewo ndinawasunga. Ndinaganiza kuti tumbawe ikafiira, nawonso asibweni adzadzuka. M'nyumba monse, malo osatentha ndiponso osazizira anali amodzi okha: mtsuko wa madzi akumwa, umene unkakhala pangodya wovindikira ndi mbale, ndipo ana sitinkaloledwa kupisamo dzanja. Tsiku lina akuluakulu atapita kukatola thonje, ndinamizamo tumbawe, n'kukhuthuliramo mchere wonse wa m'chitini. Ndinkavundukula pafupipafupi. Inali yoyerabe.

Masana asibweni anapempha madzi. Amayi anatunga, anagwada, n'kuwapatsa chikho. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko. Anamwa kamodzi, anatsokomola, kenaka anaseka mpaka misozi, kuseka kumene sitinakumve chibwerereni.

"Mlongo, nyanja ya ku Tanga yandilondola mpaka kuno!"

Amayi analawa, anasuzumira mumtsuko, n'kuvuulamo tumbawe, ndipo sanafunse n'komwe kuti wachita ndani. "Tiwonge! Ndiwo za lero tithiramo chiyani, mutu wakowo?"

"Musiyeni, ameneyu ndi sing'anga wanga," anatero asibweni. Kenaka anandiitana. "Iwe mama, yafiira?"

"Ayi, asibweni."

"Ndiye tiyembekeze mawa."

Anandipemphera kwa amayi mphika wakale wong'aluka pakamwa woti ndisamutsiremo tumbawe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaunyamula kupita nawo pakhonde. Tinkaweramira limodzi, mitu itagundana, iwo akununkha mankhwala ndi utsi. Masiku ena ankati, "Kunsongaku ngati yayamba," ine n'kuvomera. Anamwalira mvula isanagwe.

Patapita zaka zambiri ndinawerenga kuti m'thupi mwa tumbawe mumakhala tizomera tating'onoting'ono timene timaipatsa mtundu ndi chakudya, ndipo madzi akaipa imatitaya. Zikapitirira imafa, n'kutsala chigoba. Ya asibweni inali chigoba isanachoke ku Tanga, ndipo iwo, amene anakhala nthawi yaitali pakati pa asodzi, ankadziwa zimenezo. Ine ndinkayesa kuti ndikuwachiritsa. Iwo ankangofuna kuti kukacha, mwana wa mlongo wawo abwere adzakhale nawo pafupi.