Siteshoni ya pa msewu wakale

Kwathu njanji siinafikeko. Sitima ndinkangoiona m'mabuku ong'ambika amene ndinadziphunzitsira kuwerenga. Koma siteshoni tinali nayo: kanyumba ka njerwa kopanda chitseko, pa msewu wafumbi pakati pa Katete ndi Sinda, pomwe basi ya boma inkaima. Lero denga linasasuka, ndipo m'katimo anthu amaunjikamo thonje podikira ogula.

Amuna opita ku migodi ankatsazikira pamenepo, ndipo ena kunkangobwera masutikesi awo okha. Azimayi ankagulitsapo mtedza wophika. Pakhoma panali chikwangwani chachitsulo chonena masiku a basi. Ine, katswiri wa zilembo m'mudzi monse, ndinkachiwerenga mokweza ngakhale popanda wondipempha, chikhalirecho masikuwo aliyense ankawadziwa pamtima.

Chaka chimene anatsiriza msewu wa tala kuseri kwa chitunda, mwana wathu woyamba anadwala malungo dzinja lili pakati. Tinakwera ngolo ya alamu anga, akazi anga atamufukata mwanayo, kuti tikapeze basi yopita kuchipatala. Pamphambano alamu anaimitsa ng'ombe n'kundiuza kuti:

"Alamu, tiyeni ku tala. Akuti basi masiku ano ikudzera kumeneko."

"Akutero ndani? Pakhoma palembedwa Lachisanu, ndipo lero ndi Lachisanu. Boma lingachotse basi n'kusiya chikwangwani?"

"Inu ndi zolembedwa zanuzo!" anatero, nakhotetsera ng'ombe kusiteshoni. Sankanditsutsa, poti makalata awo onse ndinkawawerengera ndine.

Tinafika m'mawa. Panalibe wogulitsa mtedza, panalibe wina wodikira, ndipo modutsa matayala munali mutamera udzu. Zonsezi ndinaziona, koma poti zinalibe zilembo sindinaziwerenge. Akazi anga ankanyowetsa chitenje m'chithaphwi n'kumamupukuta mwana pamphumi. Dzuwa litapendeka tinamva basi ikulira kuseri kwa chitunda, ikusintha magiya, mpaka phokoso linazilala.

"Abambo ake, mwaimva?" anatero akazi anga.

Alamu anakwapula ng'ombe, koma dambo linali litadzaza madzi ndipo ngolo inatitimira kawiri. Tinafika pa tala dzuwa likulowa. Lole ya chimanga inaima, dalaivala n'kutsika kuti atithandize kukwera. Anavundukula chitenje, anamuyang'ana mwanayo, kenako anavula chipewa.

Tinatembenuza ngolo.