Pepala Lomwe Ndinakana Kusaina

Ndinagwira ntchito pa chigayo cha Aphunzitsi zaka zisanu ndi zinayi popanda pepala lililonse. Chigayocho chili cha ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wafumbi. Eni ake anali mphunzitsi wopuma pantchito, wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Tsiku londilemba ntchito anandifunsa funso limodzi, loti kodi ndimamwa. Ndinati Loweruka lokha. Anati ndibwere Lolemba. Pangano lathu linathera pomwepo.

Ntchito ndinkaidziwa. Injini inali ya dizilo, yoliza pochita kupukusa ndi dzanja. Lamba akayamba kuterereka ndinkamva ndili panja. Sefa ikabooka ndinkadziwa mwini mphale asanadandaule. Ine sindilankhula zambiri. Aphunzitsi ankalankhula zokwanira anthu awiri. Masana tinkadya m'mbale imodzi, iwo akufotokoza za pa wailesi, ine ndikutafuna.

Chaka china anawaitana ku msonkhano wa eni mabizinesi ang'onoang'ono ku Mitundu. Anapita pa njinga atavala tayi. Anabwerako ndi kope lodzaza, ndipo nditangoliona ndinadziwa kuti mtendere wanga watha.

Anayamba ndi masiki. Anati fumbi la ufa limawononga chifuwa, ndipo lamulo limati mwini ntchito ateteze wantchito wake.

"Mapapo anu si thumba la ufa, achimwene," anatero.

Ndinkavala akakhalapo. Akachoka inkatsikira pachibwano.

Za oyilo zinandichititsa manyazi. Ndikasintha oyilo wa injini, wina ndinkagawira anthu kuti akapake mitengo ya khola chiswe chisadye. Wotsala ndinkakhuthulira mu ngalande ya kuseri. Komwe ankathera sindinkaganizako. Aphunzitsi ananditenga, tinatsata ngalandeyo mpaka kudambo. Kumeneko kuli madimba ndi chitsime chothiririra. Pamwamba pa madzi panali mafuta onyezimira. Mayi wina amene amalima mpiru pamenepo anaweramuka n'kutiyang'ana.

"Kani ndi inu? Ine kudabwa kuti masamba anga akununkha galimoto."

Aphunzitsi anapepesa. Pobwerera anati a zachilengedwe akaona zimenezi akhoza kutseka chigayo, ndipo sangakhale atalakwa. Anagula mgolo wokhala ndi chivindikiro. Oyilo yense wakutha ankalowa m'menemo, ukadzaza ankautumiza mtauni kwa anthu amene amagula. Apa sindinatsutse.

Chimene ndinatsutsa ndi pepala.

Analilemba pamanja, mapepala awiri ofanana, lawo ndi langa. Munali dzina langa, ntchito yanga, malipiro, nthawi yoyamba ndi yoweruka. Munali tsiku lopuma, Lachiwiri lililonse, ndi tchuthi cha pachaka. Mzere womaliza unkati wofuna kuthetsa panganoli adziwitse mnzake kutatsala mwezi. Nditafika pamenepo ndinaliika pa thumba la gaga.

Pepala la bwana ine ndinkalidziwa limodzi. Ndili mnyamata ndinagwirapo ku esiteti ya fodya. Kumeneko munthu ankalembedwa ntchito pakamwa, koma kapitawo akakuitana pepala lili m'manja, unkadziwa kuti ukamange katundu. Komanso kwathu munthu amene umadya naye m'mbale imodzi sulemberana naye. Umalemberana ndi amene ukumukayikira.

"Ndakuberani chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi lamulo, achimwene. Wantchito aliyense akhale ndi zolembedwa. Ndachedwa nazo zaka zonsezi, wolakwa ndine."

"Ngati mwatopa nane nenani pakamwa. Makutu ndili nawo."

"Makutuwo injini inamaliza kale," anatero akuseka.

Ine sindinaseke. Ndinaliza injini kuti asapitirize.

Kunyumba akazi anga anaona nkhope. Anandisiya ndisambe kaye, kenaka anayamba.

"Akuthamangitsani?"

"Ayi."

"Akudulani malipiro?"

"Ayi."

"Nanga mwatupiranji chonchi, abambo?"

"Akufuna ndisaine pepala."

Anaika lichero pansi. "Tsiku la ukwati wathu kutchalitchi munasaina. Ine ndinakuberani chiyani?"

Ndinatuluka kukaona mbuzi.

Masabata atatu anadutsa. Pepala linali pa shelefu, atalitsindira ndi sipanala. M'mawa uliwonse Aphunzitsi ankalipukuta ufa. Ine ndinkadutsa ngati sindikuliona. Masana ndinayamba kudyera kuseri ndekha. Mumtima ndinali nditayamba kuwerenga zigayo zina zomwe ndingakafunseko ntchito. Ndinalibe mtima wopita kulikonse.

Ndiye Aphunzitsi anati tsiku lopuma liyambe basi, ndisaine ndisasaine. Lachiwiri ndinapitabe. Ndinapeza atenga makiyi, atavala ovolosi yanga, miyendo yake atapinda katatu.

"Lero simulowa. Pitani mukapume."

Sindinapite. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, tsidya la msewu, n'kumamvetsera. Kuti injini ilire anapukusa kasanu. Lamba anavuka kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Mzere wa amayi unafika mpaka pamsewu.

"Aphunzitsi, uwu ndi ufa kapena mchenga?" mmodzi anakuwa.

Wina anandiona. "Bambo inu, mkulu akuvutika inu mukungoyang'ana?"

"Ndili pa tchuthi," ndinatero.

Anaseka onse. Lamba atavuka kachitatu injini inazima, ndipo sinalirenso. Aphunzitsi anatuluka ali mbuu, ufa mpaka m'magalasi. Anawoloka msewu pang'onopang'ono n'kukhala pambali panga. Ankapuma movutika. Ndinali ndisanawaonepo akupuma choncho.

"Mwezi watha ndinali kuchipatala," anatero. "Akuti mtima watopa."

Anapitiriza.

"Ine ndimakudziwani, achimwene. Pepalalo si la ine. Ndikachoka, pano padzabwera abale anga. Iwo sanadye nanu. Adzangoona mkulu wosaseka ali m'chigayo mwawo. Mudzawauza chiyani? Kuti tinagwirizana pakamwa? Pakamwapo padzakhala pali kumanda."

"Musalankhule choncho."

"Akadzakuvutitsani, musadzakangane nawo. Mudzangoti tiyeni ku ofesi ya leba akatiwerengere. Mwamva?"

Ndinadzuka. Ndinalowa m'chigayo, ndinachotsa sipanala, ndinasaina onse awiri pamwamba pa mgolo wa oyilo. Kenaka ndinabwezeretsa lamba n'kuliza injini. Aphunzitsi anaima pakhomo akukuwa kuti ndikuswa pangano tsiku lomwelo ndalisaina. Ndinaloza makutu anga.

Pepala langa anakhala nalo mpaka mawa lake, akuti alionenso. Anandipatsa atalipinda panayi. Sindinalitsegule. Akazi anga analikulunga m'pepala la shuga n'kuliika pansi pa sutikesi.

Aphunzitsi anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Tinabwerera ku mbale imodzi. Tchuthi changa choyamba ndinapita kwa mlongo wanga cha ku Dzalanyama, koma tsiku lachinayi ndinabwerako. Aphunzitsi anandibweza pachipata cha chigayo. Ndinakafolera nyumba yanga, yomwe inkadontha kwa zaka zitatu.

Aphunzitsi anamwalira nthawi yokolola. Manda ndinakumba nawo.

Abale atakhala pansi anagwirizana kuti chigayo chiziyendetsedwa ndi mwana wa mlongo wawo, bambo wa mtauni, wa mafoni awiri. Sanali woipa, kungoti sankandidziwa. Anabwera ndi mnzake amene ankafuna kumuika pamalo panga. Anandipatsa moni, ndinayankha mmene ndimayankhira. Anayang'ana mnzakeyo, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Madala, mwatithandiza kwambiri. Kuyambira mawa mukapume, tabwera ndi munthu wathu."

Ndinakwera njinga. Kunyumba ndinapeza akazi anga ali pakhonde, pepala lili kale pamwendo. Anali ataona galimoto ya bambo wa mtauni uja ikudutsa.

"Tengani. Ndipo musakatupe, mukalankhule."

Ndinabwerera nalo kuchigayo. Bamboyo analiwerenga ataimirira.

"Izi munapangana ndi amalume. Amalume kulibe."

"Chigayo chilipo," ndinatero. "Ngati sizikumveka, bwana, tiyeni ku ofesi ya leba akatiwerengere."

Mnzake uja anati pepala lapamanja lilibe ntchito. Bamboyo anati likhoza kukhala nayo, poti onse anasaina. Analitembenuza kuti aone ngati pali chidindo. Kuseri kunali zolemba zina. Ine sindinkadziwa. Anawerenga chamumtima, kenaka anawerenga mokweza.

"Kwa amene adzatenge chigayochi. Munthu uyu moni sayankha bwino, musadabwe. Sanandiberepo ngakhale gaga. Injini imamvera iye, ine inandikana. Oyilo wakutha musiyireni, amadziwa kotaya. Lachiwiri mubisireni makiyi."

Anaseka mpaka anatsamira khoma. Kenaka anasiya kuseka, anatulutsa kansalu n'kutembenukira kumbali.

"Awa ndi amalume enieni," anatero.

Ine ndinapita kuseri kukaona mgolo. Unalibe vuto lililonse. Ndinakhalako kanthawi.

Nditabwerera anandifunsa kuti Lachiwiri amagaya ndani. Ndinati chigayo chimatsekedwa, chiyambire tsiku lomwe Aphunzitsi anayesa. Anati ndiye mnzakeyo azigaya Lachiwiri ndi masiku a tchuthi changa, ine ndimuphunzitse. Ndinati avale masiki. Sabata yotsatira anabwera ndi pangano latsopano lolemba pa kompyuta, dzina lake lili pamene panali la Aphunzitsi. Ndinawerenga mzere uliwonse, ndinatembenuza kuseri. Kunali koyera. Ndinasaina.

Pano chigayo chimayendera magetsi. Injini yakale ili pakona, timailiza magetsi akazima, choncho mgolo ukadalipo. Mayi wa mpiru uja amanditumizira ndiwo nthawi zina. Masiki ndimavala ngakhale palibe wondiona.

Lachiwiri ndimayesa kukhala pakhomo. Ikamakwana teni koloko akazi anga amati ndikuwapinga, ndiwachokere. Ndimakwera njinga, ndimakakhala pansi pa mango paja. Mkulu wa Lachiwiri uja anaphunzira, koma lamba amamumangabe mothina. Ndimamva ndili tsidya lino. Sindiwoloka. Ndimamuuza Lachitatu.