Njerwa yakhala pa malo a Lusiya

Amene anayamba kundiuza ndi Abiti Musa, mnzanga amene timayala naye tomato pamsika wa Mandimba. Linali Lachiwiri la sabata yatha, dzuwa litangopendeka. Ndinamuona akubwera chothamanga, mpango uli m'manja, munthu amene sathamanga ngakhale mvula itayamba kugwera pa malonda ake.

"Amake Tereza, mwamva? Apulofesolo Dumingu amwalira."

"Dumingu wake uti?"

"Alipo angati amene mumawadziwa inu?"

"Abiti, musandinamize. Dzulo lomweli anali pano. Anagula mulu wa tomato n'kumandinena kuti ndawasankhira wosapsa ngati ndikuwalanga."

 Abiti Musa anangokhala pansi pafumbi, inenso ndinakhala. Ndinagwira kolona yanga m'khosi, koma pemphero limene ndimanena tsiku lililonse linandithawa. Pakamwa panangotsala mawu akuti, "Ambuye, iyayi. Iyayi."

Akuti anagwa m'kalasi, choko chili m'manja, samu ili pakati pa bolodi. Ana ankaganiza kuti akutola kanthu pansi. Anathamangira nawo kuchipatala, kumeneko anati apite ku Cuamba, koma ku Cuambako sanafike.

Mpaka lero mutu wanga ukukana. Munthu wosadwala, wopalasa njinga ngati mnyamata, angachoke bwanji osasiya ngakhale chifuwa choti tiziti "tinkaona"? Ndikaona munthu wovala bata, jasi loyera lija la aphunzitsi, akudutsa pamsewu wa kumalire, ndimati ndi iwo.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine sukulu ndinalekezera kupulaimale, kutsidya ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Masamu amene bambo amenewa ankaphunzitsa kusekondale sindingawafotokoze. Chimene ndingafotokoze ndi njerwa yawo.

Kuseri kwa chitseko cha kalasi yawo kunkakhala njerwa imodzi yootcha. Mwana akasowa kusukulu masiku angapo popanda uthenga, iwo ankatenga njerwayo n'kuiika pabenchi, pa malo a mwanayo. Wina aliyense asakhalepo. Ngakhale ana atathithikana chotani, malo amenewo anali a njerwa. Poitana mayina, akafika pa dzina la wosowayo, ankayang'ana njerwa n'kudikira, kalasi yonse ili zii. Loweruka likakwana mwana asanaoneke, ankaimangirira njerwayo pakaliyala wa njinga n'kupita nayo kwawo kwa mwanayo, kaya ndi pafupi, kaya ndi ku Mitande.

Kwathu inafikanso.

Chinali chaka chimene ndinadwala kwambiri nditabereka mwana wanga wotsiriza. Tereza, mwana wanga woyamba, anasiya sukulu kuti azindisamala m'mawa ndi kukhala pamsika. Panalibe amene anamuuza, anangoona yekha kuti pakhomo pavuta. Loweruka lina ndili gone pakhonde, ndinamva belu la njinga. Bambo wamtali anatsika, anamasula chingwe cha mphira, n'kuika njerwa pakhomo penipeni.

"Odi, mayi. Ine ndine Dumingu, mphunzitsi wa Tereza. Ndabwera ndi mnzake amene wakhala pa malo ake. Ndayesetsa kumuphunzitsa, koma mutu wake ndi wouma. Mayeso salemba. Ndiye ndabwera kudzasinthanitsa: inu mutenge uyu, ine munditulutsire mwana."

Ndinaseka, chilonda cha pamimba chikupweteka, kenako ndinalira. Iwo sanandidzudzule ayi. Anakhala pachitsa n'kufunsa kuti vuto lenileni lili pati. Nditafotokoza, anati, "Ndiye m'mawa ngwanu, masana ngwanga." Anamusinthira Tereza ku gulu lolowa masana, ndipo ntchito imene inamupita ankamuonetsa kunyumba kwawo, akazi awo, Mayi Anjela, akumupatsa mbatata.

Tereza ameneyo lero akuphunzira unamwino ku Cuamba. Ndikamuona atavala zoyera ndimathokoza Mulungu, ndipo ndikamaliza kuthokoza Mulungu ndimakumbukira belu la njinga ija.

Tinakawaika kwawo ku Ngauma Lachinayi. Anthu inu, sindinaonepo chapa, minibasi zathu zija, zambiri chotero pamsewu umenewo. Anabwera aphunzitsi, anabwera anyamata a njinga zonyamula anthu, anabwera ogwira ntchito kunjanji kuchokera ku Cuamba ndi ku Entre Lagos, Akhristu ndi Asilamu pamodzi. Mayi wina amene sindimudziwa anandigwira mkono n'kunena kuti, "Kwathu inabwera kawiri njerwa ija." Sanafunikire kufotokoza. Amene tinali pafupi tonse tinagwedeza mitu.

Pamanda analankhula bwino akuluakulu. Anati tataya mzati. Anati sitidzawaiwala. Lusiya, mwana wawo wamkulu, anaima pambali atagwira alongo ake awiri aang'ono, wina dzanja ili, wina dzanja ili. Iye sanalire mokweza. Anangoti, "Apapa ankatidzutsa poimba molakwitsa dala, kuti tiwakonze. Mawa atidzutsa ndani?" Pamenepo ngakhale amuna anatembenukira kutchire.

Dzuwa lisanalowe, chapa zonse zija zinali zitabwerera.

Ine ndinatsala kuti ndithandize Mayi Anjela. M'mawa mwake abale anakhala pansi kukambirana za ana, monga mwa mwambo. Amene anali ndi mawu ndi a Bonifasiyo, mlongo wawo wa Mayi Anjela, atsibweni a anawo. Ife tinali kuseri tikutsuka mbale, ndipo mawu ankamveka.

"Nyumba ya ku Mandimba ija inali yolipira, ndipo wolipira ndi amene tamuika dzulo. Mlongo wanga ndi ana abwerere kuno. Munda ulipo, chinangwa chilipo. Anyamatawa alowa pulaimale ya pompano. Lusiya athandize mayi ake."

Wina anafunsa za sukulu ya Lusiya.

"Sekondale ili kutali ndi mudzi uno, mukudziwa nonse. Ndiye mukufuna ndimusiye yekha mtsikana wa msinkhu uwu m'tauni ya pamalire, momwe madalaivala a malole amagona? Chikamuonekera, mudzafunsa ndani? Si ine?"

Nanga Mayi Anjela? Munthu amene wangoika mwamuna dzulo angatsutse chiyani?

Lusiya anali pafupi nane, manja ali m'madzi. Ali mu desima primeira, kwangotsala chaka chino ndi chamawa kuti amalize sekondale. Anapitiriza kutsuka mbale imodzi yomweyo, ngakhale inali itayera kale. Kenako anandiuza chapansipansi, "Mayi, mabuku anga ali ku Mandimba. Mukawauze anzanga asawagawane msanga."

Apa ndi pamene ndinadzidzimuka kachiwiri, kuposanso pamsika paja. Mwana wa Apulofesolo Dumingu asiye sukulu? Mwana wa munthu amene anatha matayala a njinga kulondola ana athu?

Musandimve molakwa. A Bonifasiyo si munthu woipa. Zimene ananena ndi zoona zokhazokha, ndipo ndi iwo amene adzasenze banja limeneli ife tikakhala kuti taiwala. Mlandu suli pa iwo. Uli pa ife amene tinadzaza chapa zija.

Taganizani. Timatha bwanji kulipira ulendo wokaika munthu, koma osatha kufunsa kuti ana ake agona kuti mwezi wamawa? Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambi umenewu timaukumbukira pamene mwana wathu ndiye akufuna thandizo. Mphunzitsi akakhala moyo timamutumizira ana athu, ena mpaka kukagona pakhonde pake ndi kudya ufa wake. Akamwalira timaimba nyimbo, timaponya dothi, timasamba m'manja pachipata, basi tathana naye. Ndi ana angati a aphunzitsi, a anamwino, a akatekisi, amene anabwerera kumudzi mwakachetechete motere, ife osazindikira n'komwe kuti benchi yawo yatsala yopanda munthu?

Koma ana a sukulu anazindikira.

Lolemba, anzake a Lusiya anatenga njerwa ija kuseri kwa chitseko n'kuiika pa malo ake. Mphunzitsi amene wagwirizira kalasiyo anauza mnyamata wina kuti asunthe njerwayo akhalepo, poti ankakhala pansi. Mnyamatayo anati, "Pepani apulofesolo, pamenepo pali munthu." Nkhaniyi inafika pamsika dzuwa lisanafike pamutu.

Tereza, amene anabwerera maliro, anali asanabwerere ku Cuamba. Atamva anati, "Amayi, njerwa ilipo. Njinga ilipo. Wopalasa ndiye kulibe."

"Ndiye titani, mwanawe?"

"Miyendo tili nayo."

Tinakapempha njerwayo kusukulu, ndipo ana anatipatsa. Ndinaigwira koyamba m'manja mwanga. M'mbali mwake munali mosalala, pakati pali mzere umene chingwe cha mphira chinadya zaka zonsezi. Ndinaikulunga mu kapulana, chitenje changa, ngati khanda, ndipo Lachitatu tinakwera chapa atatu, ine, Tereza ndi Abiti Musa, amene anati tomato wake akhoza kuola, iye satsala.

Wotolera ndalama m'chapamo atasuzumira mu kapulana anaseka. "Amayi, mukukamanga nyumba ndi njerwa imodzi?"

Abiti Musa anamuyankha, "Iwe unabadwa ndi mano onsewo? Yendetsa galimoto."

Tinawapeza a Bonifasiyo akusenda chinangwa pabwalo. Titapereka moni, Tereza anagwada, anamasula kapulana, n'kuika njerwa pakhomo penipeni. 

"Bambo, uyu wakhala pa malo a Lusiya. Mayeso salemba. Tabwera kudzasinthanitsa."

A Bonifasiyo anaika mpeni pansi. Anaiyang'ana njerwayo nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mlamu wanga uja. Wandipeza ngakhale ali m'manda."

M'nyumba munamveka kulira kwa Mayi Anjela. Lusiya anaima pakhomo, osadutsa njerwayo.

"Chabwino," anatero a Bonifasiyo. "Mwabwera ndi mwala. Mwabweranso ndi yankho? Akagona kuti? Akadya chiyani? Adzamuyang'anira ndani?"

Ndinati mphasa ya Tereza ili yopinda chipitireni iye ku Cuamba, ndipo chimene tidya ife adyanso iye. Abiti Musa anawonjezera, "Ine ndimakhala khomo lotsatira. Pamenepo ngakhale nkhuku siituluka ine osaiona. Kafunseni msika wonse, amandida chifukwa cha maso omwewa."

A Bonifasiyo anamwetulira pang'ono, koma sanavomere.

"Amayi inu, mitima yanu ndaiona. Koma maliro akadali aawisi, ndipo amene amalonjeza pamaliro ndawaona ambiri. Lero mwakwera chapa. Nanga mvula ikadzagwa, ufa utachepa, mudzamusungabe? Dikirani tichite mapemphero otsiriza mwezi uno ukatha. Pamenepo mudzabwerenso. Mukadzabwera, ndidzadziwa kuti munkanena zoona."

Tereza anatambasula dzanja kuti atenge njerwa.

"Isiyeni pomwepo," anatero iwo. "Ndizipunthwapo m'mawa uliwonse."

Tinabwerera opanda mwana, opandanso njerwa. Pamene ndikulemba izi ili pakhomo paja ku Ngauma, ndipo ku Mandimba malo a Lusiya ali pululu, anzake akukana kukhalapo. Masiku akupita, aphunzitsi ena akupitiriza maphunziro, ndipo mayeso sadikira wamasiye.

Funso la a Bonifasiyo landikhala pamtima. Sanafunse ine ndekha. Anafunsa tonse amene belu lija linalirapo pakhomo pathu. Mayi amene munandigwira mkono pamanda, munati kwanu inabwera kawiri, muli kuti? Inu a kunjanji, inu anyamata a njinga, inu amene lero mukulemba m'maofesi ndi dzanja limene anakuwongolani, mwezi ukatha tidzakwera chapa angati? Sindikunena za nkhata za maluwa. Ndikunena za chitini cha chimanga, sopo, kope, ndi nkhope zanu pabwalo paja, kuti atsibweni aone kuti mwanayu sakupita m'manja mwa amayi awiri a tomato okha.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa Apulofesolo Dumingu. Sindikumvetsa chifukwa chake anawatenga samu ili pakati, ndipo sindinamize kuti ndikumvetsa. Ndangogwada.

Abale anga, mukamapemphera, kaya ndi kutchalitchi kaya ndi kumzikiti, likumbukireni banja limeneli. Kumbukirani Mayi Anjela, amene mpaka pano akutulutsabe makapu asanu pa tiyi. Kumbukirani anyamata awiri aja amene alibe wowadzutsa ndi nyimbo. Kumbukirani a Bonifasiyo, kuti Ambuye awapepuzire katundu ndi mantha. Ndipo mutchuleni Lusiya ndi dzina, kufikira tsiku limene adzadutse njerwa ija pakhomo, ife n'kuibweza kuseri kwa chitseko kumene bambo ake ankaisunga.