Rula ya Mayi wa Uvuni

Tsiku limene anamutsitsira kuchipinda cha makatoni, palibe amene anamukalipira. Bola akanamukalipira. Bwana wamkulu wa kampani ya maloyayo anangomupatsa kiyi wadzimbiri, maso ali pawindo.

"Ntchito sitikuchotsani, mayi, muli ndi ana. Koma kuyambira lero manja anu azigwira makatoni. Mawu a m'mapangano musawakhudzenso."

Anatsika masitepe atavala suti yake yakuda. Chipindacho chinali pansi penipeni pa nyumbayo, chopanda windo, babu limodzi lokha, fungo la mapepala onyowa, mphemvu zonenepa ngati zikulandira malipiro. Loya wa zaka zisanu ndi ziwiri pantchito anasanduka wosunga mafayilo akale.

Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, musayembekezere zotsekemera zambiri. Iyi ndi ya munthu amene analakwitsadi. Sanamunamizire, sanamuchitire nsanje, sanamulodze. Analakwitsa yekha, ndi manja ake.

Kampaniyo sinali ya milandu ya akuba kapena ya mabanja otha. Inali ya anthu a bizinesi, ndipo inali ndi nthambi zinayi: ya mapangano a makampani, ya mikangano ya antchito ndi mabwana awo, ya inshulansi, ndi ya malo ndi nyumba. Mumzindamo anthu ankati, ukafuna kukangana pita kwa loya aliyense, ukafuna kuti mkangano usabadwe pita kwa awa. Nthambi ya malo ndi nyumba ndiyo inali chinyadiro chawo, ndipo mayiyu anali mmenemo.

Mbiri imeneyi inachokera pa chizolowezi chimodzi chotopetsa. Pangano lisanatuluke pakhomo, anthu awiri ankakhala patebulo limodzi. Wina ankawerenga mokweza, mzere ndi mzere, wina akutsatira ndi rula. Ndime ikatha, wa rulayo ankafunsa kuti, "Imeneyi ikuteteza ndani?" Makompyuta atachuluka, maloya achinyamata anayamba kuchiseka chizolowezichi. Ankangotenga pangano lakale, kusintha maina, kusindikiza. Amene anakakamirabe anali mayi wachikulire wotayipa makalata, amene onse ankangowatcha Anti a Rula.

Sabata ya tsokayo mwana wamng'ono wa mayiyu anali m'chipatala, chibayo chitamugwira. Pa desiki panali pangano la lendi la mayi wina wophika buledi, amene ankasamutsira ntchito yake m'nyumba yaikulu. Loyayo anatenga pangano lakale la nyumba yosungiramo katundu, nasintha maina. Anti a Rula atabwera ndi rula yawo, iye anali atanyamula kale chikwama.

"Anti, mawa. Mwana ali pa mpweya."

"Mawa akusaina, mwanawe."

"Ndaliona bwinobwino."

Sanalione. Patsamba la khumi ndi chimodzi panatsala ndime yoletsa kuyatsa moto wamtundu uliwonse m'nyumbamo. Wophika buledi anasaina, anamanga mauvuni atatu, ndipo mwini nyumba, amene anali atapeza wina womukomera, anangotsegula tsamba lija. Khoti linati pangano ndi pangano. Antchito makumi anayi anabwerera kwawo manja ali m'khosi.

Mwana anachira. Bizinesi ya buledi sinachire.

Mbiri yoipa sifuna galimoto. Eni nyumba ndi ochita lendi anayamba kutenga mafayilo awo mmodzimmodzi, mpaka nthambi ya malo ndi nyumba inatsekedwa, chikwangwani chake n'kuchotsedwa pachitseko. Loya uja anapatsidwa dzina: a Uvuni. Analiyambitsa loya wina wa nthambi ya makampani, wotchedwa Mphezi chifukwa pangano la masamba makumi atatu ankalitulutsa tiyi asanazizire.

"A Uvuni, kwatentha bwanji pansi pamenepo? Tibweretsereni fayilo ya simenti, koma isapserere."

Ankaseka nawo pang'ono. Akanatani?

Kunyumba sananene. M'mawa uliwonse ankasita suti, ana akumuona, kenako akafika pansi paja ankavala chovala cha fumbi pamwamba pake. Mwana wake wamkazi wamkulu ankauza anzake kusukulu kuti amayi anga ndi loya, ndipo mawu amenewo ankamulasa kuposa a Mphezi. Achemwali ake okha ndiwo ankadziwa.

"Iwe, siya. Ukatsegule kashopu. Maphunziro onse aja ukathere kuthamangitsa mphemvu?"

"Ndikachoka lero, achemwali, dzina limeneli ndipita nalo kumanda."

"Ndiye ukakhala lichoka?"

M'mawa mwake anasitanso suti.

Chaka choyamba anangolira ndi kupukuta fumbi. Palibe chabwino choti ndinene za chaka chimenecho. Chifuwa chinamugwira, maso anayamba kuvuta, foni yake inasiya kulira.

Kumapeto kwa chakacho Anti a Rula anapuma pantchito. Tsiku lawo lomaliza anatsika masitepe aja akugwira khoma, mawondo akudandaula, naika rula yawo yathabwa pamwamba pa katoni. Manambala ake anali atafufutika.

"Anti, ine anandiletsa kukhudza mawu."

"Anakuletsa kulemba. Kuwerenga anakuletsa ndani? Mmuno muli zaka makumi atatu za kampani ino. Amene ali pamwambawo sanaziwerenge. Iwe uli ndi nthawi, yochuluka mochititsa manyazi."

"Ndiwerenge ndi ndani?"

"Ndi mphemvuzi. Sizidula mawu."

Anayamba choncho. Nthawi ya chakudya chamasana ankatsegula fayilo imodzi, kuika rula pansi pa mzere, kuwerenga mokweza, n'kudzifunsa yekha kuti imeneyi ikuteteza ndani. Anayambira mapangano a lendi chifukwa ndiwo ankamupweteka. Atatha amenewo analowa a inshulansi, a antchito, a makampani. Anaona mapangano amene anakhala zaka popanda mkangano, anaona amene anakathera kukhoti, ndipo anayamba kuzindikira ndime imene inawagwetsa. M'kope la sukulu lotsala kwa mwana wake ankalemba fayilo iliyonse, ndi mbali imene kampaniyo inkaimira pamenepo.

Wokolopa anakanena pamwamba kuti a Uvuni ayamba kulankhula okha. Anthu anagwedeza mitu. Palibe anatsika kudzaona.

Zaka zinayi, abale. Osati miyezi. Zaka zinayi.

Lachitatu lina m'mawa, anamutsitsira pangano loti alimange makope anayi, pakuti kuboola ndi kumanga mapepala inalinso ntchito yake. Linali la Mphezi. Kampani ya malole, imene maloyawa ankaiimira, inkagwirizana ndi fakitale ina kuti izinyamula katundu wake kwa zaka zisanu. Mwini malole anali atalemba kale madalaivala makumi asanu ndi limodzi. Kusaina kunali teni koloko, m'chipinda cha misonkhano.

Sanafune kuwerenga. Koma diso lozolowera silipempha chilolezo. Akuboola tsamba la khumi ndi chisanu ndi chinayi, anaona mawu amene anawadziwa ngati nyimbo. Anatsegula kope lake, nakatulutsa katoni ya pashelefu yachitatu. Linali lomwelo. Mphezi anakopera pangano la zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, limene kampaniyo inalemba ikuimira mwini katundu, osati wonyamula. Ndime ija inkapatsa fakitale ufulu wothetsa pangano pongochenjeza masiku asanu ndi awiri, popanda kupereka chifukwa. Kalelo inali nzeru. Lero inali mpeni pakhosi pa munthu wawo yemwe.

Anaimba foni yamkati.

"A Mphezi, ndime ya makumi awiri ndi itatu ikuteteza fakitale."

"A Uvuni, ine ndakupemphani mabowo awiri ndi chingwe. Maganizo sindinaitanitse."

Foni inadulidwa. Inali hafu naini.

Anakhala pakatoni, rula ili pamiyendo. Akakhala chete, palibe angamuloze chala, dzina lake silinali papepalapo. Akakwera, aphwanya lamulo lokhalo limene linamusungira ntchito, ndipo ana awiri adya chiyani? Anaganiza za madalaivala aja, amene sanawaonepo. Kenako anaona nkhope ya mayi wa buledi tsiku la kukhoti, mmene anakhalira duu pabenchi, osalira n'komwe.

Anavula chovala cha fumbi, natenga rula ndi mapangano onse awiri, latsopano ndi fayilo yakale ija. Anakwera.

M'chipinda cha misonkhano sanalowe, pakuti zochapa za m'nyumba sayanika pamsewu. Anadikira pakhonde mpaka bwana wamkulu atatulukira, akumanga batani la jekete.

"Mayi, mwasochera?"

"Bwana, ndipatseni mphindi zisanu. Mukapeza kuti ndalakwitsa, kiyi wanu ndi uyu."

Bwanayo anayang'ana kiyi, anayang'ana fayilo yafumbi, kenako maso ake anaima pa rula. Ankaidziwa. Nayenso anaphunzira ntchito pansi pa rula imeneyo, tsitsi lisanathothoke.

Analowa mu ofesi, naitanitsa Mphezi. Mayi uja anaika rula pansi pa mzere. Bwanayo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, mawu akutsika pamene ankayandikira kumapeto.

"Imeneyi ikuteteza ndani?" anafunsa mayiyo.

Bwanayo anakweza mutu, natembenukira Mphezi.

"Kauzeni alendo kuti tisaina masana," anatero bwanayo. "Apatseni tiyi wina."

Mukuganiza kuti anamuombera m'manja? Anabwerera pansi kukamaliza kuboola mapepala. Sabata zitatu zinadutsa popanda ngakhale zikomo, iye akudikira kalata yomuchotsa. Mphezi anasiya kumuseka, anasiyanso kumupatsa moni.

Sabata yachinayi bwana wamkulu anatsika yekha masitepe aja, koyamba pa zaka zonsezo. Anatsokomola ndi fumbi, natsegula kope la sukulu lija, nawerenga ataimirira nthawi yaitali.

"Zonsezi mwawerenga?"

"Kupatula makatoni awiri amene anadyedwa ndi chiswe."

"Lolemba mukwere. Pali kadesiki pafupi ndi makina okopera. Pangano lililonse lizidutsa pamenepo lisanatuluke." Atafika pasitepe yachiwiri anatembenuka. "Rulayo mubwere nayo."

Sinali ofesi. Kanali kadesiki kogwedera, mwendo umodzi wochirikiza ndi pepala lopinda. Maloya ankadana nako chifukwa kankawachedwetsa. Koma chaka chitatha, mapangano a kampaniyo anasiya kubwerera kukhoti. Mwini malole anauza anzake, anzakewo anauza ena. Anthu a bizinesi anayamba kunena kuti pangano la kumeneko silidontha. Nthambi ya makampani inakula, ya inshulansi inatengera chizolowezicho, ndipo patatha zaka zina zitatu chikwangwani cha malo ndi nyumba chinabwerera pachitseko. Kuseri kwa chitsekocho kunali mayi uja, imvi zitayamba, magalasi okhuthala ali pamphuno. Mwana wake wamkazi anali atakula, ndipo mayiyo anamuuza zonse. Mwanayo anangoti, "Ndinkadziwa, amayi. Suti yanu inkanunkha makatoni."

Chinatsala chimodzi. Mayi wa buledi anali akugulitsa mabanzi m'basiketi pafupi ndi pokwerera mabasi. Loyayo ankazungulira njira ina kwa zaka zonsezo. Tsiku lina anaima patsogolo pake.

"Mayi, ndine loya uja. Ndabwera kudzapepesa. Ndachedwa."

Wophikayo anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka magalasi.

"Pepani sapoletsa chilonda, amayi. Mukugula angati?"

Anagula anayi, nachoka misozi ili m'maso. Sanakhululukidwe, ndipo panalibe womukakamiza mayi uja kukhululuka. Mauvuni atatu sanabwerere. Antchito makumi anayi aja anabalalika kalekale.

Miyezi isanu itadutsa, wolandira alendo anagogoda kuti pali mayi wina wopanda nthawi yopangana, wakana kuchoka. Analowa ndi basiketi yake, natulutsa mapepala atatu opindika m'thumba la pulasitiki. Linali pangano la lendi la kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, kokwana uvuni umodzi.

"Sindinabwere chifukwa ndakukondani," anatero, akukhala pansi asanapatsidwe mpando. "Ndabwera chifukwa mumzinda muno loya amene sangaiwale za moto ndinu nokha."

Loyayo anatsegula dirowa, natulutsa rula.

"Ndiwerenga mokweza, mayi. Pamene simukumva mundiimitse."

"Werengani. Lero sindikuthamangira kulikonse."

Masamba atatu anawatengera maola awiri. Ndime ziwiri anazikana, mwini nyumba anazisintha. Kauvuni kaja kakuyakabe.

Ndiye inu amene mwakhala pakatoni panu, kaya ndi kuntchito, kaya ndi kunyumba, mukudziwa kuti munalakwitsa nokha ndipo anthu akupatsani dzina, ine sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera. Zina zinapita basi. Koma kulira kuli ndi chaka chake, ndipo chikatha pamafunika kupukuta maso ndi kuona chimene chili m'chipinda chimene akutayiranimo. Chitoleni. Chitani ntchito yotopetsa imene anzanu akuithawa, lero, mawa, mkuja, popanda woombera m'manja.

Mtima wanuwo musautaye. Mudzaufuna tsiku lokwera masitepe.