Chiguduli m'Banjo ya a Dickson

Malizani ankanyamula masutukesi pabwalo la ndege ku Chileka, koma ukamufunsa ntchito yake ankati ndi woimba. Bandi yake ya jazi inali ya anthu anayi: banjo ya chigubu cha mafuta, ng'oma, maseche ndi babatoni. Loweruka masana akaimba ku Lirangwe, fumbi linkangoti koboo.

Tsoka lake linali a Dickson, mkulu wa ayufi a chipani kumeneko. Bamboyo anakhomanso banjo yawoyawo, ndipo bandi ikangoyamba, awo atulukira ndi malaya ofiira, n'kukhala pakati osaitanidwa. Kaimbidwe kawo ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. Anzawo akalowera uku, iwo uko, thukuta kamukamu, mano onse pamtunda.

Nanga akanawathamangitsa ndani? Masiku amenewo munthu wofunsa makhadi a chipani pamsika sunkamuuza kuti sadziwa kuimba. Malizani anasintha tsiku, a Dickson anamva. Anawapatsa maseche, iwo anati maseche ndi a ana.

Kenako kunabwera uthenga woti anthu a wayilesi adzajambula bandiyo, nyimbo imodzi yokha. Malizani anasowa pogwira. Mwayi umenewu anaudikira moyo wake wonse, ndiye uphedwe ndi chigubu cha a Dickson?

Tsikulo litafika anadzichepetsa. "Achimwene, bwerani nayo banjoyo ndikukungireni nsambo."

Anazemba nayo kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, pomwe bandi inasonkhana. Anatola chiguduli choyamba chimene anaona pathandala, n'kuchikanikiza m'chigubu osachiyang'ana n'komwe. Banjo inatsekeka pakhosi. M'phokoso la ng'oma a Dickson sanazindikire kanthu. Anakhwatcha nsambo ndi mtima wonse, ndipo nyimbo inatuluka yoyera bwino. Malizani anagwetsa misozi.

Tsiku loti nyimboyo imveke, a Dickson anasonkhanitsa anthu pagolosale, wayilesi ili patebulo. Malizani analipo, ataima pakhomo.

"Tcherani khutu, mumve banjo yanga!"

Anthu anatchera khutu mpaka nyimbo kutha. Banjo yawo osamveka. Ena anayamba kusekera m'manja. A Dickson anagwedeza chigubu chija, napisa chala pabowo, n'kusolola chiguduli. Atachitambasula, kuseka konse kunati zii. Chinali chidutswa cha nsalu yakale ya chipani, chong'ambika pakati pa nkhope ya mtsogoleri wa dziko: diso limodzi ndi theka la chipumi, zonse mafuta okhaokha.

"Malizani," anatero a Dickson motsitsa mawu, "nsambo zija unakunga ndiwe, eti?"

Malizani sanadikire galimoto yodzamutenga. Anasiya mkazi wake Ellen ali ndi pakati, nalowa m'tchire kulunjika ku Mozambiki, dziko lomwe agogo ake analithawa kalekale, kumenenso nkhondo inali itavuta.

Nyimbo ija inatchuka ndithu. Ankaimva kutsidyako pa kawayilesi ka eni ake, mawu ake enieni, muulutsi akuti, "Imeneyo ndi bandi ya a Dickson, ya ku Lirangwe."