Malasha a Alamu

Lemson Nkhoma anafika ku Bulawayo wapansi mu 1929, nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe. Anayamba ntchito yofosholera malasha kunjanji, koma atayamba kulavula zakuda anaitaya n'kugula nkhwangwa. Ankadula nkhuni kunja kwa tauni n'kumagulitsa ku komboni ya Makokoba. Mtengo ankaudulira m'mawondo kuti chitsa chiphukenso, ndipo wina akamuseka, iye ankayankha kuti malasha ndi mwala, ukapsa wapsa, suphuka. Mkuluyu anali wamakani, koma apa sankanama.

Mlamu wake Simeon, mchimwene wa mkazi wake Enelesi, ankatola malasha ogwa m'sitima n'kumagulitsa m'mabeseni. Loweruka lililonse awiriwa ankakangana pamowa. Simeon ati nkhuni n'zakumudzi, zimalilima ngati udzu. Lemson ati mwalawo usadzalowe m'nyumba momwe mukugona Dorah, kamwana kake kamodzi komwe, kazaka zitatu, komwe ankakakonda koposa moyo wake.

Mu Juni 1938 kunazizira kwadzaoneni, Dorah akutsokomola. Lemson atalawirira kutchire, Simeon anabweretsera mlongo wake beseni la malasha. Enelesi anawakoleza m'chitini chobowola, ndipo monga ankachitira moto wa nkhuni ukatha malawi, anatseka chitseko n'kutsekera masaka m'mipata. Komatu utsi wa nkhuni umawawa m'maso, munthu n'kutsegula, pomwe malasha akakolera amangofiira phee, uku akutulutsa mpweya wakupha wosaoneka.

Lemson anabwerako masana, nagogoda, koma kunali zii. Chitseko anachiphwanya ndi nkhwangwa. Dorah anasanza atamukokera panja. Enelesi anali atazizira kale.

Lemson sanalire. Anagulula mpini, ulendo wa kuholo yamowa. Anapeza Simeon chikho chili kukamwa, nam'kutumula mpini pachibwano, mano n'kugwera mumowa. Anam'menyanso kumsana, m'nthiti, mkono n'kuthyoka, mpaka amuna asanu anam'gwetsera pansi. Chomvetsa chisoni n'chakuti Simeon anali asanamve n'komwe kuti mlongo wake wamwalira.

Lemson anakhala m'ndende zaka ziwiri. Atatuluka anapita kukatenga mwana wake, koma akuluakulu a kwawo anali atagamula kale mwa mwambo: mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Simeon anatuluka m'nyumba, mkono uli wopindika, Dorah atam'gwira chala.

"Mwafika, alamu," anatero Simeon. "Dorah, apatse moni alendowa."

Mwana uja anagwada mwaulemu, nafunsa kuti alendowo achokera kuti.